Njala ya Malemu Anastazia

Uthenga unandipeza ndili m'munda mwa mtedza kwathu kwa Zulu. Anabwera nawo ndi munthu wogula zikopa za mbuzi, amene amazungulira pa njinga mpaka ku Mkanda. Sanatsike n'komwe pa njingapo.

"A Benedikito, mwana wanu Imelda wachita misala ku esiteti," anatero. "Mwamuna wake akuti fodya akangogulitsidwa, mayi ake abwera kuchokera ku Phalombe kudzatenga khandalo. Imeldayo akubwezerani."

Kundibwezera, ngati khasu lobwereka limene laguluka.

Imelda ndi mwana wanga womaliza. Mayi ake, Anastazia, anapita ndi njala ija ya 2002, nthawi imene pa wayilesi ankatiuza kuti tisadandaule. Chaka chotsatira mtsikanayu anakwatiwa ndi Timoteyo, tenanti wa pa esiteti ina ya fodya cha ku Mkanda. Ine ndinakana. Koma masiku a matipate ano mwana ukamuletsa kanthu amakuyankha kuti ndi ufulu wake. Anapita, anatenga pakati, anachira mwana wamwamuna, Mayamiko. Tsopano ufulu uja unali kumubwezera kwa ine wopanda mwana kumsana.

Ndinazula mtedza umene unali utakhwimako, n'kumanga pa kaliyala pamodzi ndi tinyemba, ulendo.

Amene sanafikepo pa komboni ya matenanti asamanene kuti amaudziwa umphawi. Timanyumba ta udzu tondondozana, fodya mpaka pakhomo. Bwana salola kubzala ngakhale dzungu, ati limalanda chakudya cha fodya. Nkhuku nazo salola, ati zimapalasa nazale. Anthu amadya phoso, chimanga chimene amapatsidwa kusitolo kwa bwana, ndiwo aliyense adzionere. Ndipo anthu ake ndi osonkhana ngati zinyalala za kamvuluvulu, uyu wa ku Mulanje, uyu wa ku Ntcheu, uyo wa ku Mzimba, aliyense wabwera ndi nzeru za kwawo zimene zinalephera kumudyetsa kwawoko.

Imelda ndinamupeza atakhala pansi kuseri kwa nyumba, atayang'ana chipupa. Sanandilonjere. Mwana amene ankandichingamira patali n'kundilanda khasu, anangondiyang'ana ngati akuona chitsa. Mafupa a m'khosi anali atatuluka, m'mbali mwa milomo muli ming'alu. Khanda linali m'manja mwa mayi wina wonenepa mawu, Esnart, wa ku Mulanje, akulimwetsa madzi a shuga ndi supuni.

Timoteyo anatuluka m'chigafa, manja akuda ndi utomoni wa fodya, n'kunjuta patali.

"Mwafika, bambo? Ife tayesa zonse."

"Zonse ziti?"

"Tamupempherera. A Kefasi amusanjika manja kangapo. Amayiwa akumusamala ngati mwana wawo. Koma iye salankhula, sagona, mwana akalira amangotseka makutu. Mkaka nawo ukutha. Ine ndichite bwanji, fodya ali apa?"

Tili mkati molankhula, mayi wina wamtali, Anasi, wa ku Ntcheu, anabwera ndi mbale n'kuiika pafupi ndi Imelda. Ndinasuzumira. Phala lamadzimadzi, loyera mbee, loti ukhoza kuonamo nkhope yako.

"Ichi n'chiyani, mayi?"

"Chakudya cha make Mayamiko, agogo."

"Ndiwo zili kuti?"

Anayang'anizana ndi Esnart ngati ndafunsa zolaula.

"Mwana wanuyu alibe mayi," anatero Esnart, "ndiye ife tinati tisamutaye, timulange. Kuyambira ali ndi pakati. Mazira tinamuletsa, kwathu mwana amabadwa wopanda tsitsi. Onani tsitsi la mwanayu mmene lilili. Ndi ntchito yathu imeneyi."

"Mtedza ndi nsinjiro ndinaletsa ndine," Anasi analowerera monyadira. "Mafuta ake amapita kumkaka, mwana amatuluka zilonda m'mutu. Nyemba zimamutupitsa mimba."

"Nanga masamba?"

"Masamba analetsa ndi mayi wa ku Mzimba uja wa nyumba yakumapeto. Ati mwana amatsegula m'mimba zobiriwira."

"Matemba?"

"Fungo lake limalowa m'bere, mwana amakana kuyamwa."

"Mchere?"

"Aa, agogo, inunso! Mchere munthu asanatenge mwana kumphasa?"

Ndinakhala pansi. Kwathu nakonso zoletsa zilipo, sindikukana. Anastazia ali ndi pakati ankasala chimodzi kapena ziwiri, zina zonse n'kumadya. Ku Mulanje nako amasala zawo, zotsalazo amadya. Koma pa esiteti pano Malawi yense anasonkhana pakhomo limodzi, aliyense n'kuchotsa chake m'mbale ya mwana wanga. Palibe anaika kanthu. Ndipo Imelda, mwana waulemu, wopanda mayi womufunsa, anamvera onse. Chotsala chinali phala lija.

"Nanga bwanji akudya dzuwa litapendeka chonchi?" ndinafunsa.

"A Kefasi anati azisala kuyambira m'mawa," anatero Timoteyo. "Chiwanda chamtundu umenewu chimatuluka ndi kusala."

Kefasi ameneyu ndinamuona tsiku lomwelo. Mkati mwa sabata ndi tenanti ngati anzake, Lamulungu amavala jekete n'kukhala mneneri. Masaya ake okha ndiwo anali osalala pa komboni yonse. Kuseri kwa nyumba yake kunali dengu lovundikira, ndipo m'dengumo munkalira nkhuku. Zinali za chopereka, ndipo kapitawo sankazimva chifukwa ankapemphera komweko.

Ndinagona m'chigafa, pansi pa fodya. Kutacha ndinauza Timoteyo kuti ndikupita naye Imelda kuchipatala.

"Lero tikusankha fodya, bambo. Kapitawo sangandilole."

"Ndakuitana iwe?"

Ndinamukweza pa kaliyala, mwana ndinamumangirira kumsana kwake ndekha, chifukwa manja ake ankangolendewera. Njira yonse ndinkaopa kuti agwa. Anali wopepuka kuposa thumba la mtedza ndinabwera nalo lija.

Ine zipatala sindizikhulupirira. Anastazia anafera pa benchi ya chipatala akudikira. Koma namwino amene tinamupeza tsiku limenelo anali ndi maso. Anakoka chikope cha Imelda, m'kati muli mbee ngati pepala. Anamufunsa mafunso motsitsa mawu, Imelda n'kumangogwetsa misozi osayankha. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Bambo, magazi amuthera. Ndiponso pali matenda ena amene amagwira amayi ena akangochira. Mtima umangolemera, tulo timasowa, mwana amene ukumukonda umalephera kumuyang'ana. Si misala, si ziwanda. Amachira. Koma munthu woyamwitsa akamagonera phala lokha, thupi ndi maganizo zimafooka limodzi. Adye, apume, asamakhale yekha, ndipo muzibwera naye ndizimuona."

Anatipatsa timapiritsi towonjezera magazi. Kenako anawononga zonse pondionetsa chithunzi chapakhoma. Mayi wonenepa akuseka, kutsogolo kwake kuli nyama, mkaka wa m'botolo, nsomba yaikulu ngati mwendo wanga, mapapaya, zonse zili m'magulumagulu. Ndinafunsa ngati chithunzicho amabwereketsa kuti tikachiphike. Sanaseke.

Titabwerera ndinaitana amayi aja n'kuwauza mawu a namwino, onse, osachotsapo. Anamvetsera mwaulemu.

"Anamwinowa ndi ana a dzulo," anatero Anasi. "Anaberekapo iwowo?"

"Amaphunzira za azungu," anatero Esnart. "Ana a azungu ndiye mwawaona tsitsi lake?"

Ndinawasiya, n'kuphika mtedza wanga wauwisi mumphika wa Timoteyo. Ndinauika m'mbale pamaso pa Imelda. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako dzanja linayamba kusuntha. Lisanafike, Anasi anali atanyamula kale mbale ija.

"Agogo, inu mupita kwanu. Mwana akatuluka zilonda adzavutike ndife."

Mtedzawo anadya ana ake a Anasi.

Pamenepo ndinazindikira kuti anthu awa choonadi sachimva. Ukawauza kuti munthu wanjala adye, amafunsa kuti wanena ndani. Amangomva chinthu chimodzi, mantha. Ndiye ndinaganiza zowapatsa mantha aakulu kuposa amene anabwera nawo kuchokera kwawo.

M'mawa mwake komboni yonse inali m'chigafa, amuna ndi akazi atakhala pansi akusankha fodya, uyu wofiira apa, uyu wakuda apo. Ndinakhala pa chipika moyang'anizana ndi Esnart, n'kumangoyang'ana mapazi ake. Ndinayang'ana mpaka anawabisa m'chitenje.

"Bwanji, agogo?"

"Ayi, palibe. Miyendo yanuyo yayamba liti kutupa, mayi?"

"Yanga? Yatupa?"

"Mwina ndi maso angawa. Ndi ukalamba." Ndinapukusa mutu. "Komatu zimayamba choncho."

Manja onse anaima. Kutupa miyendo ndinasankha dala. Munthu amene watha dzinja lonse akudya phoso ndi thelele la m'tchire, n'kumakhala pansi tsiku lonse, akayang'anitsitsa mapazi ake amapeza ndithu kuti atupa.

"Zimayamba chiyani?" anafunsa Anasi.

"Ndimayesa anakuuzani mkamwini wangayu. Koma adziwa chiyani, ndi mlendo. Kwathu kuno ku Mchinji, mtsikana amene mayi ake anamwalira akachira mwana woyamba, malemuwo amabwera kudzamusamala. Sitiwaona, koma amakhala pomwepo. Ndipo amadya kudzera m'kamwa mwa mwana wawoyo. Iye akadya, iwo adya. Iye akagona ndi njala, iwonso agona ndi njala." Ndinaima kaye, n'kukanda chibwano. "Tsono mkazi wanga Anastazia anafa ndi njala. Mukuganiza kuti wabwera ndi mtima wotani?"

Amayi aja anayang'anizana, ine n'kupitiriza.

"Amene wachotsa chakudya m'mbale ya mtsikanayo walanda malemu. Ndiye malemu amasamukira kwa iyeyo, kukadya kumeneko. Amayambira kumapazi."

Esnart anatulutsa phazi limodzi n'kulidina ndi chala. Chala chinasiya kadzenje.

"Mayo ine! Anasi, taona!"

"Ife sitinkadziwa, agogo," anatero Anasi. "Ife timathandiza."

"Malemu sadziwa zimenezo. Amangodziwa njala."

"Nanga mankhwala ake?"

"Alipo, koma ndi ovuta. Chimene unaletsa, ubweretse chomwecho ndi dzanja lako, chophikaphika, chothira mchere. Ukhale pansi pambali pake mpaka amalize. Usamukakamize, malemu sakakamizidwa. Uzingocheza naye, umunyamulire mwana kuti adye ndi manja awiri. Ndipo si tsiku limodzi ayi. Mpaka mwana atayamba kukhala yekha."

Apa Kefasi anadzuka, akusasa fodya pa thalauza.

"Abale, musanyengedwe! Izi ndi zachikunja. Akufa sadya!"

"Inu munafapo?" ndinamufunsa.

Wina anaseka kumbuyo, n'kudzigwira pakamwa.

"Ine ndikulankhula za m'Mawu, bambo."

"Lankhulani. Koma amayiwa aliyense analetsa chimodzi, ziwiri. Inu munaletsa zonse pamodzi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kwanu Anastazia sakafuna dzira. Ndamva kuti kuseri kwanu kuli dengu limene limalira m'bandakucha."

Kefasi anati sangagwadire mizimu, n'kutuluka. Mkazi wake sanatuluke. Anatsala akuyang'ana mapazi ake ndi a ana ake.

Woyamba kubwera anali Esnart, masana omwewo. Kumene anawapeza mazira pa esiteti yopanda nkhuku, afunseni a kwa Kefasi. Anawawiritsa, anasenda, anaika kamchere pambali, n'kukhala pansi, mwana ali pamiyendo pake.

"Idyani, mayi Anastazia," anatero, akuyang'ana m'mwamba pang'ono pa mutu wa Imelda. "Tikhululukireni, ndife alendo."

Imelda sanakhudze.  Bodza ndinali nditalimanga bwino, koma munthu wofunika kudya anali yekhayo pa komboni yonse amene anakulira kwa Zulu, wodziwa kuti mwambo umenewu kulibe. Ndinauza Esnart kuti akayendeyende ndi mwanayo, malemu amachita manyazi poyamba. Atachoka ndinakhala pansi pafupi ndi mwana wanga. Tinakhala choncho, nkhunda zikulira mumtengo wa bulugama.

Kenako ndinamva mawu, aang'ono, okhakhala ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa.

"Bambo."

"Ee, mwana wanga."

"Mwambo umenewu ndi wa liti?"

"Wa m'mawa uno."

Anayang'ana mazira aja. Kenako anati, "Amayi mazira sankadya. Ankati amanunkha."

"Kumene aliko aphunzira. Kulibe zosankha kumeneko."

Mbali imodzi ya mlomo wake inagwedezeka. Sikunali kuseka kwenikweni, koma inali njira yake. Misozi inatsika, ndipo ali mkati molira anatola dzira, analigunditsa pamchere, n'kuluma.

"Ndikuopa, bambo," anatero chakudya chili m'kamwa. "Akuti ndikadya ndimupweteka mwana. Ndikapanda kudya mkaka sutuluka. Chilichonse chimene ndichita ndikumupha. Ndiye ndinangoti bola ndisamukhudze."

"Amene anakuuza zimenezo ana awo ali ndi zipere mutu wonse. Idya linalo."

Asakunamizeni munthu kuti dzira limachiza tsiku limodzi. Panapita masabata. Masiku ena ankadya, masiku ena ankangoyang'ana chipupa monga kale. Koma mbale zinkabwera. Anasi anabwera ndi nkhwani wotendera, nsinjiro zake za mtedza wanga womwe uja. Mayi wa ku Mzimba ankathyola bonongwe ndi chisoso m'mphepete mwa dambo. Wina amene analetsa matemba anatuma mwamuna wake kwa anyamata a njinga ochokera kuboda, n'kubwera ndi kapenta wa ku Zambia. Nkhuku inabwera ndi mkazi wa Kefasi, yophika kale, mwini wake akuyang'ana kumbali ngati sakudziwa. Kusala kuja Kefasi sanakutchulenso.

Ndipo popeza mwambo unkati akhale pansi mpaka amalize, ankakhala. Amayi akakhala pansi pakamwa sipatsekeka. Ankamuuza za amuna awo, za kapitawo, za mmene wina analirira mwezi wathunthu atachira mwana wake woyamba ku Ntcheu, osauza munthu. Ameneyo anali Anasi yemweyo. Ankamunyamulira mwana iye n'kugona masana. Zonse zimene namwino ananena zinkachitika, koma m'dzina la munthu wakufa.

Timapiritsi tija ndinkamupatsa ndekha, ndipo kuchipatala ndinkapita naye ndekha. Timoteyo nthawi zonse fodya anali apa. Mtedza wanga kwa Zulu unakololedwa ndi achibale, ndipo mukudziwa mmene achibale amakololera.

Tsiku lina ndikuchokera kudambo ndinamva mwana akulira, kenako kulira kunaduka. Nditazungulira nyumba ndinapeza Imelda atamuika kubere, akumuyang'ana kumaso, akumuuza kuti ali ndi mphuno yoipa ngati ya agogo ake. Ndinabwerera kudambo, ngakhale kunalibe chimene ndinaiwala.

Fodya anagulitsidwa nyengo yozizira. Timoteyo, munthu wosatha kubweza mawu ngakhale kuwaimirira, sanatumize uthenga wina ku Phalombe. Ndiye tsiku lina masana mayi ake anatsika pa njinga ya hayala, atanyamula chitenje chatsopano choberekera mwana. Anayembekeza kupeza wamisala womangidwa pamtengo. Anapeza mpongozi wawo atakhala pamkeka, mwana ali kubere, akusenda mtedza ndi dzanja limodzi, akukangana ndi Esnart za mtengo wa sopo.

Atalonjerana, maso a mayiwo anagwera pa mbale.

"Woyamwitsa akudya mtedza? Kwathu zimenezi timaletsa, mwana ama..."

"Mayi! Mayi!" Esnart anadumpha ngati waponda moto. "Bwezani mawuwo msanga! Mukufuna kubwerera ku Phalombe pa machira?"

Anasi anafika akuthamanga, wa ku Mzimba naye, onse kulankhula nthawi imodzi, kuloza mapazi a mlendo, amene anali atatupadi ndi ulendo wa basi. Ine ndinangokhala pa chipika changa. Sindinafunikenso kunena kanthu, ophunzira anga anali atandiposa. Anawonjezamo ndi zina zimene ine sindinanene, zoti malemu amayenda ndi kamphepo ndiponso amadana ndi ndiwo zopanda tomato.

Phokoso litatha, mayiwo anakumbuka chimene anadzera. Anatambasula chitenje chija.

"Bweretsa mwanayo kuno. Tinamva kuti zinakukanika."

 Timoteyo anayang'ana pansi ngati wataya singano. Ine ndinagwira ndodo yanga, koma ndinadziletsa. Pakanayankha ine, akanati wamisala uja amulankhulira bambo ake.

Imelda anachotsa mwana kubere, anamupukuta pakamwa, n'kumupereka ndi manja awiri.

"Munyamuleni, amayi, ndi mdzukulu wanu. Ndinadwaladi, ndipo masiku ena ndimadwalabe. Koma akalira mundibwezere, chakudya chake chili kuno. Ku Phalombe adzabwera ndi miyendo yake."

Mayiwo anayang'ana mwana wawo. "Timoteyo, si iwe unatuma uthenga?"

"Anthu anamva molakwika, amayi," anatero mkamwini wanga, mwamuna wa mawu ake. "Ine ndinangoti mudzaone mwana."

Mayamiko anayang'ana nkhope yachilendoyo, anakwinya mphuno ija, n'kuyamba kukuwa. Anamugwedeza, anamuimbira, osatheka. Pomaliza anamubweza. Chitenje chatsopano chinatsala kwa Imelda. Asananyamuke ulendo wa kwawo, mayiwo anapita okha kumsika wa Mkanda kukagula mtedza, anaukazinga, n'kukhala pansi pambali pa mpongozi wawo mpaka anamaliza.

Mayamiko pano ali pasukulu, tsitsi lili bwinobwino, mutu wopanda chilonda. Imelda masiku ena amakhalabe chete kuposa mmene ndinkamudziwira, koma amadziwa njira ya kuchipatala ndipo amapita yekha.

Chaka chatha ndinali pamsika wa Mkanda kugula mchere. Mayi wogulitsayo anali kulongedza mazira m'kambale, akuuza mnzake kuti akupita nawo kwa mtsikana wina wamasiye amene wangochira kumene, kuti malemu mayi ake adye. Ndinamufunsa ngati anamvapo kuti woyamwitsa aliyense, wamasiye kapena ayi, amafunika kudya bwino kuti magazi ndi maganizo zisafooke.

"Zimenezo ndi za pa wayilesi, agogo," anatero. "Uwu ndi mwambo wa makolo, wakalekale. Inu akuluakulu a kuno simukuudziwa?"

Ndinamanga mchere wanga pa kaliyala n'kukwera njinga.